Mlimi wa ku Norfolk amene adawombera akuba m'nyumba mwake: momwe mlandu udayendera

Gawo 17 la Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ya upandu kuno ku Malawi, ndi lalifupi. Limanena kuti munthu akagwiritsa ntchito mphamvu poteteza moyo kapena katundu, mlandu wake uziweruzidwa potsata mfundo za common law ya ku England, kutanthauza malamulo ochokera m'zigamulo za makhoti. Ndiye loya wa kuno amene wapatsidwa fayilo ya mlonda kapena mwini golosale amene wawombera wakuba, afune asafune, amakathera m'zigamulo za ku London. Mlandu umene ndikufotokoza panowu ndi umodzi mwa zigamulo zimenezo. Udachitika mu 1999, apilo yake idagamulidwa mu 2001. Maina a anthu okhudzidwa ndawasiya, koma zaka ndi makhoti ndatchula, kotero wofuna kuwerenga chigamulo chenichenicho savutika kuchipeza.

Ambiri amaukumbuka ngati nkhani ya munthu wosalakwa amene boma lidamutsekera chifukwa choteteza nyumba yake. Mukawerenga fayilo, nkhaniyo imasintha nkhope. Mlanduwu udagona pa funso limodzi looneka laling'ono: powombera, munthuyu adaima pati?

Munthuyo ndi nyumba yake

Adali mlimi wa zaka 54, wosakwatira, wokhala yekha pafamu pafupi ndi mudzi wa Emneth Hungate m'chigawo cha Norfolk, kum'mawa kwa England. Nyumba yake idali yosanja, yakalekale, yosasamalika, itazingidwa ndi zitsamba, m'kati muli katundu ndi zinyalala mbwee. Ankaweta agalu atatu a mtundu wa Rottweiler. Ena mwa masitepe okwerera kuchipinda chapamwamba adawachotsa dala. Pogona sankavula zovala, ngakhale nsapato. Zonsezi zidamveka m'khoti, ndipo mbali iliyonse idazikokera kwake: oimira mlimi ankati onani mantha a munthu amene akuba amuzunza, a boma ankati onani munthu amene wakhala akukonzekera nkhondo.

Iye ankati akuba adamuthyolera kambirimbiri. Mu May 1999 adadandaula kuti amubera mipando ndi zinthu zina za ndalama pafupifupi £6,000. Apolisi ankakayika ngati zonse zimene ankanenazo zidachitikadi, koma kuti alimi a deralo ankavutika ndi umbava, komanso kuti polisi idali kutali, palibe adatsutsa.

Chizindikiro choyamba cha zovuta chidaoneka zaka zisanu m'mbuyomo. Mu 1994 apolisi adamulanda chiphaso chosungira mfuti atawombera galimoto ya munthu amene adamupeza m'munda wake wa maapozi. Kuchokera pamenepo sankaloledwa kukhala ndi mfuti. Komabe adali nayo, ya mtundu wa Winchester, yolowa zipolopolo zingapo nthawi imodzi, ndipo ankati adachita kuitola. Chizindikiro chachiwiri chidali pakamwa pake. Mboni zidauza khoti kuti pamisonkhano ya alimi komanso pocheza, munthuyu ankanena poyera kuti akuba mankhwala ake ndi kuwombera. Polankhula zimenezo ankangoti akutulutsa mkwiyo. Pofika m'khoti mawu omwewo adasanduka umboni wa cholinga.

Usiku wa pa 20 August 1999

Amuna atatu adanyamuka pagalimoto kuchokera ku Newark, m'chigawo cha Nottinghamshire. Mmodzi adatsala m'galimoto. Awiri, wina wa zaka 29 ndi mnyamata wa zaka 16, adathyola zenera n'kulowa m'nyumba muli mdima, akuwunikira ndi tochi. Onse adali ndi mbiri yaitali ya milandu, ndipo kuti adabwera kudzaba nzosakayikitsa: wamkuluyo ndi wotsala m'galimoto uja adavomera okha m'khoti pambuyo pake. Mfuti adalibe.

Mlimi adawombera katatu. Wamkuluyo adalasidwa m'miyendo. Mnyamata adalasidwa m'miyendo komanso kumsana. Onse adatulukira pazenera. Wamkulu adakwawa mpaka panyumba ina yoyandikana, komwe adapeza thandizo. Mnyamata adagwera patchire pafupi ndi nyumbayo n'kufera pomwepo, ndipo mtembo wake udapezeka tsiku lotsatira.

Mlimi sadadikire apolisi. Adakasiya mfuti kunyumba kwa mayi ake, n'kupita kuhotela ya mnzake m'tauni ya Wisbech, komwe apolisi adakamugwira.

Nkhani yake idali yakuti adali mtulo m'chipinda chapamwamba, adadzidzimuka ndi phokoso, adatenga mfuti, adatsika masitepe pang'ono, tochi idamuthobwa m'maso, ndipo mwamantha adawombera mumdima ali pamasitepe pomwepo, osadziwa kuti walasa munthu. Kunena zoona, nkhani imeneyi ikadaima, ikadamupulumutsa. Munthu wa yekha, usiku, m'nyumba mwake, osadziwa kuti alowawo ndi angati ndipo anyamula chiyani: khoti lililonse limamvetsa zimenezo.

Koma nyumba nayo idali ndi nkhani yake. Akatswiri a za mfuti adayang'ana pamene padagwera makoko a zipolopolo, pamene zipolopolo zidaboola, ndi mbali imene zidalowera m'matupi. Zimene adapeza zidasonyeza kuti kuwombera kwina, makamaka kuwiri komaliza, sikukadatheka munthu ali pamasitepe, chifukwa kuchokera pamenepo malo amene anthuwo adalasidwira saoneka. Wowomberayo adayenera kukhala atatsika, ali m'chipinda chapansi, pafupi nawo. Onjezanipo bala la kumsana. A boma adamanga mlandu wawo pamenepa: kuti mlimi adawamva akubwera, adatsika n'kuwabisalira mumdima, ndipo adawawombera pafupi, akuthawa, ndi cholinga chopha kapena kuvulaza kwambiri.

Ndikufuna tiime pang'ono apa, chifukwa ndi pamene mlandu udakhotera. Jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kugamula ngati munthu walakwa, ikaona kuti munthu wanama pa malo amene adaima, siyimira pomwepo. Imayamba kukayika ngati adalidi mtulo, ngati tochi idamuthobwadi, ngati adalidi ndi mantha amene akunenawo. Pa mlandu wodziteteza, mboni yaikulu ndi wozengedwa mlandu mwiniwake, pakuti winayo nthawi zambiri amakhala ali kumanda. Mboni imeneyo ikasemphana ndi makoko ali pansi, palibe loya angaiwongole. Sindikunena kuti tiziwapekera nkhani anthu amene tikuwaimira, ayi, kumeneko nkuphwanya lumbiro. Ndikunena kuti tisanaimike chitetezo chonse pa mawu a munthu, tipite pamalopo, tiime pamene akuti adaima, tiyang'ane kumene akuti adaloza mfuti, tione ngati zikutheka. Munthu amene wadutsa m'zoopsa amasokoneza dongosolo la zimene zidachitika ngakhale asakufuna kunama, ndipo kuli bwino kusemphanako tikupeze ife muofesi kusiyana nkuti akupeze woimira boma pamaso pa woweruza. Kwathu kuno gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko limapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, koma mafayilo ambiri amatifika ife maloya caution statement, sitetimenti imene womangidwa amapereka kupolisi, italembedwa kale, munthu ali njenjenje, loya palibe. Zikatero ntchito yoyamba ndi kuiyala sitetimentiyo pambali pa lipoti la dokotala wopima mtembo ndi chithunzi cha malo, mzere ndi mzere.

Zimene mbali ziwiri zidasankha

A boma adamutsegulira milandu ingapo: kupha mnyamata mwadala, kufuna kupha wamkulu uja, kumuvulaza mwadala, ndi kusunga mfuti ndi cholinga choika moyo pachiswe. Wosunga mfuti popanda chiphaso adauvomera yekha. Kunja anthu ankafuula kuti amasulidwe, nyuzipepala zina zili pambuyo pake, ndalama zomuthandiza zikusonkhedwa. A boma sadabwerere m'mbuyo, ndipo chifukwa chake nchomveka: munthu wafa ndi bala la kumsana, nkhani ya wowombera ikutsutsana ndi umboni wa akatswiri, ndipo pali mboni zoti adanenapo kale kuti adzachita zimenezi. Fayilo yotere woimira boma sangaitseke yekha muofesi. Iyenera kukaonekera kukhoti.

Oimira mlimi adasankha njira imodzi yokha: adadziteteza, amasulidwe. Za matenda a maganizo sadazitengere pamaso pa jury.

Lamulo limene jury idauzidwa ndi lomwe timaligwiritsa ntchito tonse, ndipo lili ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi munthuyu ankakhulupiriradi mumtima mwake kuti pakufunika kugwiritsa ntchito mphamvu? Apa timayang'ana zimene iye ankaona, ngakhale zitapezeka kuti adalakwitsa. Privy Council, khoti la ku London lomva apilo yochokera kumaiko ena a Commonwealth, idatsimikiza mfundoyi mu 1987 pa mlandu wa Beckford wochokera ku Jamaica. Lachiwiri: kodi mphamvu imene adagwiritsa ntchitoyo idali yoyenera, poyerekeza ndi zinthu monga momwe iye ankazionera? Funso ili sayankha ndi iye. Amayankha ndi khoti, poganizira zimene munthu wanzeru zake angaone kuti nzoyenera. Pa mlandu wa Palmer, wa 1971, nawonso wa ku Jamaica, Lord Morris adachenjeza kuti munthu amene waukiridwa mwadzidzidzi sangakhale pansi n'kumayeza bwinobwino kukula kwa mphamvu yoti abwezere, ndipo ngati adangochita zimene panthawiyo adaona moona mtima kuti nzofunika, umenewo ndi umboni wamphamvu woti sadapyole muyeso. Ndipo tisaiwale kuti wozengedwa mlandu akangodzutsa nkhani yodziteteza, udindo wotsimikizira kuti sikudali kudziteteza uli pa boma.

Choopsa cha njira imeneyi ku England panthawiyo chidali chakuti idalibe pakati. Nyumba ya House of Lords, imene panthawiyo idali khoti lalikulu koposa kumeneko, idanenetsa mu 1995 pa mlandu wa Clegg, wa msilikali amene adawombera galimoto ku Belfast itadutsa kale pamene iye adaima, kuti munthu amene wapyola muyeso podziteteza, ali ndi cholinga chopha kapena kuvulaza kwambiri, mlandu wake sutsika kukhala manslaughter, mlandu wakupha wocheperapo kuposa kupha mwadala. Ndi kupha mwadala basi, ndipo chilango chake nchimodzi: moyo wonse kundende. Woweruza alibe mpata wochepetsa dzina la chilangocho ngakhale atamva chisoni chotani.

Pa 19 April 2000, kukhoti la Crown Court ku Norwich, jury idamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, anthu 10 kuvomereza, awiri kukana. Idamupezanso wolakwa pa kuvulaza mwadala. Pa mlandu wofuna kupha wamkulu uja, ndi wosunga mfuti ndi cholinga choika moyo pachiswe, idamumasula. Adalamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse, ndi zaka 10 pa kuvulaza kuja. Jury idali itapatsidwa mwayi wonena kuti ndi manslaughter ikadaona kuti adalibe cholinga chopha kapena kuvulaza kwambiri, koma siidautenge. Akuba awiri otsala aja adali ataweruzidwa kale mu January chaka chomwecho: wolasidwayo zaka 3, woyendetsa galimoto miyezi 30.

Ku apilo

Maloya atsopano adatengera nkhaniyi ku Court of Appeal, pamaso pa oweruza atatu otsogozedwa ndi Lord Woolf, amene panthawiyo adali mkulu wa oweruza ku England ndi Wales. Adabwera ndi zinthu ziwiri zatsopano. Choyamba chidali umboni wina wa akatswiri wofuna kuchirikiza nkhani ya pamasitepe ija. Khoti silidaone kuti ukadasintha chigamulo cha jury. Chachiwiri ndi chimene chidagwira ntchito, ngakhale osati monga momwe iwo ankafunira: madokotala a maganizo adapeza kuti mlimiyu adali ndi vuto lokhalitsa lokayikira anthu ndi kuona adani paliponse, limene amalitcha paranoid personality disorder, komanso adali ndi matenda a kukhumudwa.

Maloya adati: ngati ndi choncho, munthuyu ankaona ngozi yaikulu kuposa momwe wina aliyense akadaionera, ndiye mphamvu imene adagwiritsa ntchito iyesedwe ndi maso akewo. Mfundoyi siidali yopanda mutu. Miyezi yochepa m'mbuyomo, mu 2001 momwemo, Privy Council pa mlandu wa Shaw wochokera ku Belize idali itanena kuti jury iyenera kuganizira zinthu ndi ngozi monga momwe wozengedwa mlandu ankazikhulupirira moona mtima. Koma Court of Appeal idakana. Idati poyesa ngati mphamvu idapyola muyeso, khoti likhoza kuganizira za thupi la munthu, monga ukalamba, kufooka kapena ulumali, koma osati matenda a maganizo, kupatula pa zochitika zapadera kwambiri. Chifukwa chake chagona pa kusiyana kwa zitetezo ziwiri. Wodziteteza akapambana amatuluka m'khoti wopanda banga, kutanthauza kuti lamulo lavomereza kuti zimene adachita zidali zoyenera. Lamulo silingavomereze kuti kupha kudali koyenera chifukwa chakuti wophayo, mwa matenda ake, amaona mdani pamene anzake sakumuona.

Umboni womwewo, utakanidwa khomo ili, udalowera khomo lina. Gawo 2 la lamulo la Homicide Act la 1957, monga momwe lidaliri panthawiyo, linkalola kuti munthu amene maganizo ake adali osokonekera mokwanira kuchepetsa kwambiri udindo wake apezeke wolakwa pa manslaughter m'malo mwa kupha mwadala. Pa 30 October 2001 khoti lidafafaniza chigamulo cha kupha mwadala n'kuikapo manslaughter, zaka 5. Zaka 10 zija zidatsika kufika pa 3, zoyendera limodzi. Khoti lidanenetsa kuti jury siidalakwitse pokana nkhani yodziteteza. Anthu ambiri amaphonya pamenepa, n'kumati apilo idamuyeretsa. Siidatero.

Kwa ife ogwira ntchitoyi, funso lowawa ndi lakuti nchifukwa chiyani umboni umenewu sudamveke ku Norwich. Zizindikiro zidali poyera: munthu wogona ndi nsapato, wogumula masitepe a nyumba yake yomwe, wolandidwa mfuti kale chifukwa chowombera galimoto. Vuto ndi lakuti zitetezo ziwirizi zimakokana. Nkovuta kuuza jury m'mawa kuti munthu wanga adachita zimene aliyense wanzeru akadachita, masana n'kuiuzanso kuti maganizo ake sadali bwino. Ndiponso munthu amene anthu akumuimbira m'manja kunja kwa khoti safuna kumva zoti ndi wodwala. Amafuna kutuluka ngati ngwazi. Maganizo anga ndi akuti loya ayenera kufunafuna lipoti la dokotala wa maganizo msanga, ndipo loyamba likapanda kugwirizana ndi zimene maso ake akuona, afunsenso wina. Akatero akhale pansi ndi munthu wake, amuyalire njira zonse ziwiri ndi zilango zake, zaka zowerengeka mbali iyi, moyo wonse mbali inayo, ndipo chimene wasankha chilembedwe, asainire. Kusankha nkwake. Koma asankhe akudziwa kuti makoko aja akunena zotani.

Zotsatira zake

Mu January 2003 bungwe loona zotulutsa akaidi nthawi isanakwane lidamukana. Sankaonetsa kulapa, ndipo lidaona kuti wakuba wina akadzalowanso akhoza kudzachita zomwezo. Adatuluka pa 28 July 2003. Chaka chomwecho wakuba wolasidwa uja adayamba kumusumira kuti amulipe chifukwa cha kuvulala, mothandizidwa ndi ndalama za boma zolipirira maloya, zimene zidakwiyitsa anthu koposa. Mlanduwo udathera panjira. Nyumba ya Malamulo idaika gawo 329 mu Criminal Justice Act ya 2003, loti munthu amene wapezeka wolakwa pa mlandu wa kundende sangasumire amene adamuvulaza panthawi yopalamulayo popanda chilolezo cha khoti. Mlimiyo adamwalira mu February 2025 ali ndi zaka 80.

Andale sadagone nayo nkhaniyi. Mu April 2000 momwemo mtsogoleri wa chipani cha Conservative, William Hague, adalonjeza kusintha lamulo kuti likomere eni nyumba. Kusintha kudabwera pang'onopang'ono. Gawo 76 la Criminal Justice and Immigration Act ya 2008 lidangolemba m'buku mfundo zimene makhoti ankatsata kale, kuphatikizapo ija ya Palmer. Kenako Crime and Courts Act ya 2013 idawonjezera ndime ya eni nyumba: munthu amene akulimbana ndi wolowa m'nyumba mwake mopanda chilolezo, mphamvu yake imakanidwa kotheratu pokhapokha ikakhala yopyola muyeso moonjeza. Ambiri adamva ngati tsopano mwini nyumba wapatsidwa ufulu wochita chilichonse chosafika pamenepo. Makhoti adawongola maganizo amenewo pa mlandu wa Collins mu 2016 ndi wa Ray mu 2017. Jury imayamba yafunsa ngati mphamvuyo idapyola muyeso moonjeza. Ngati inde, chitetezo chagwa. Ngati ayi, imafunsabe ngati idali yoyenera poona zonse. Ine sindiona kuti lamulo latsopanoli likadamupulumutsa mlimi uja, jury itakhulupirira kale kuti adabisalira anthu n'kuwombera wothawa kumsana.

Mfundo yomaliza ikukhudza ife mwachindunji, ndipo ndi yosavuta kuiphonya munthu akamafufuza mothamanga pa intaneti. Gawo 17 lathu limatilozera ku common law, osati ku malamulo amene Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster idakhazikitsa mu 2008 kapena 2013. Ndime ya eni nyumba ija ndi lamulo lolembedwa la ku England ndi Wales, ndipo siilowa m'khoti la ku Blantyre kapena ku Mzuzu kudzera pa gawo 17. Amene akuimira mwini nyumba kapena mwini sitolo kuno aime pa Palmer ndi Beckford, aone zimene makhoti athu adanenapo pa milandu yotere, ndipo akonzekere kuti woimira boma akhoza kubwera ndi chigamulo cha 2001 chija m'manja ngati chitetezo chikutsamira pa mantha amene munthu adali nawo kale akuba asanafike.